Zala za amisiri pa ubweya wa King Kong

Mukadzapeza mpata woonera King Kong wa mu 1933, uja wa zithunzi zakuda ndi zoyera, musathamangire kuyang'ana mano kapena maso a chinyanicho. Yambani mwayang'ana pamapewa ndi pamsana. Mudzaona ubweya ukugwedezeka wokha, uku ukugona uku ukudzuka ngati udzu wa m'dambo kukamadutsa kamphepo, ngakhale pamene chilombocho changoima chilili. Ambiri akaona zimenezi amati ndi ukali, ubweya waima monga umachitira wa galu akafuna kuluma. Komatu chikugwedeza ubweyawo ndi zala za anthu. Kong amene akugubuduza chipika pa kanemapo anali chidole chotalika mainchesi 18, omwe ndi masentimita pafupifupi 46, chokutidwa ndi ubweya wa kalulu. Mmisiri ankachigwira, n'kuchisuntha pang'ono zedi, n'kuchotsa dzanja, kamera n'kutola chithunzi chimodzi. Akachigwiranso, chala chinkasiya ubweya utagonera kwina. Zithunzizo zikamathamanga motsatizana, pomwe panakhudza zala paja pamaoneka ngati pali moyo.

Chimenechi ndicho chimandikoka mtima pa mafilimu akale a zinyani zikuluzikuluzi. Wogwira ntchitoyo sanabisike ayi. Anamwalira kalekale, koma dzanja lake likuonekabe m'chithunzi chilichonse.

Tsiku lina ndinaonetsa filimuyi mwana wa mlongo wanga pa laputopu. Iye wakulira pa a Kong a pakompyuta, osalala, olira mogwedeza masipika. Chinyani chitangotulukira m'mitengo, mwanayo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amalume, chidoletu ichi! Mwandiitanira chidole?" Ndinamuvomera kuti inde, ndi chidole. Koma pofika kumapeto, ndege zikuzungulira pamwamba pa nyumba yosanja imene Kong wakwerapo, anali zii, dzanja lili patsaya. Kenako anafunsa chapansipansi kuti bwanji sakungochisiya chokha. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kumvetsa kuti chitsulo, mphira ndi ubweya wa kalulu zimafika bwanji pomvetsa munthu chisoni chotere.

Choyamba n'kudziwa mmene kanema amatipusitsira maso. Filimu siyenda, ndi mndandanda wa zithunzi zoima. Pa sekondi iliyonse zimadutsa zithunzi 24, diso n'kuzilumikiza kukhala kuyenda. Amene anajambulapo kamunthu m'ngodya za masamba a kope kusukulu, n'kumatsegula masambawo mofulumira ndi chala kuti kamunthuko kathamange, chinsinsi chonse akuchidziwa kale. Njira imene anayendetsera Kong, yotchedwa stop-motion, ndi yomweyo, kungoti m'malo mojambula ndi pensulo umasuntha chidole. Tawerengani nokha: mphindi imodzi ya Kong akuyenda ndi zithunzi 1,440. Pa chilichonse mmisiri ayenera kukumbukira kumene phazi lamanzere limalowera, ngati phewa limakwera kapena kutsika, ngati mlomo umatseguka kapena kutseka. Kong akamalimbana ndi chilombo china ndiye kuti akumbukirenso mchira, khosi ndi miyendo ya chinacho. Nthawi imeneyo kunalibe kasikirini koonerapo zimene wajambula kale. Zonse zinali m'mutu, kuphatikiza katsulo kosongoka kamene ankaimika pafupi ndi chidole kuti kamukumbutse pomwe mkono unali asanausunthe. Cholakwika ankachiona filimu itatsukidwa kale, ndipo chikapezeka kunali kuyambiranso. Babu limodzi likapsa pakati pa ntchito, kuwala kunkasintha, ntchito ya tsiku lonse n'kupita m'madzi.

Mkulu wa ntchitoyi anali Willis O'Brien, wa ku California, wobadwa mu 1886. Asanalowe m'zakanema anayesapo zambiri: anajambulapo zithunzi za m'nyuzipepala, anasemapo miyala, anamenyapo nkhonya. Dzina lake linamveka mu 1925 ndi The Lost World, filimu yopanda mawu momwe anayendetsa madainoso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 anali ku kampani ya RKO akulimbana ndi filimu ina ya madainoso yotchedwa Creation, imene inkangodya ndalama osatha. Amene anaiimitsa ndi Merian C. Cooper. Cooperyo, pamodzi ndi mnzake Ernest B. Schoedsack, anali anthu oyenda, ojambula mafilimu kumadera akutali monga ku Persia ndi ku Siam, ndipo anali ndi loto lake la gorila wamkulu ataima pamwamba pa nyumba yosanja. Ataona zidole ndi nkhalango za O'Brien, anazindikira kuti palibenso chifukwa chokasakira gorila weniweni. Filimu imene anaipha ija ndiyo inabereka Kong, moti madainoso ena a pachilumba cha Kong anachokera komweko.

Zidolezo ankazimanga Marcel Delgado, wobadwira ku Mexico, amene O'Brien anamupeza akuphunzira zaluso ku Los Angeles. Aliyense amene anaumbapo ng'ombe yadothi kubusa amadziwa vuto lake: ukaipinda mwendo, umathyoka. Wopanga magalimoto awaya ndiye amadziwa kuti chinthu choyenda chimayambira ku mafupa. Kong anayamba ngati mafupa a aluminiyamu okhala ndi mfundo m'mapewa, m'zigongono, m'mawondo mpaka m'zala, zomangidwa mothina bwino kuti mkono ukaupinda ukhale pomwe wausiyapo. Delgado sanangovindikira mafupawo ndi chikopa. Ankamanga mnofu umodziumodzi ndi mphira, siponji ndi thonje, n'kuumata pomwe mnofu weniweni umakhala, kuti mkono ukapindika nyama nayo itukuke. Ubweya unkabwera pomaliza. M'milomo ndi m'nsidze munali timawaya kuti nkhope izitha kukwiya kapena kudabwa. Mapazi ankawamangirira ku tebulo kuti chidole chisagwe chikaimira mwendo umodzi. Magetsi owalitsira anali otentha kwambiri moti mphira sunkachedwa kuwonongeka, ndipo Delgado ankasenda chidole n'kuchivekanso nyama kawirikawiri. Zidole za Kong zinaliponso zingapo. N'chifukwa chake mukayang'anitsitsa mudzaona kuti nkhope yake penapake ndi yaitali, penapake yozungulira. Msinkhu nawo sukhazikika: pachilumba amaoneka wotalika mapazi 18, koma ku New York anamukuza kufika mapazi 24 kuti nyumba zitalizitali zisamuchepetse.

Zonsezi ndi umisiri, koma si umisiri wokha umene unakhalitsa chete mwana uja. Kuti muone chimene O'Brien ndi anzake anali nacho, onerani ndewu ya Kong ndi dainoso wodya nyama, Tyrannosaurus. Ndewu ya mphindi zochepayi inawatengera milungu pafupifupi isanu ndi iwiri. Dainosoyo akangolowa, asanachite chilichonse, amayamba wadzikanda kaye. Nkhani sinkafuna kuti adzikande. Koma nyama yeniyeni imayabwidwa, ndipo munthu wina anataya maola ambiri kuti kudzikandako kuoneke. Kenako ndewu ibuka. Kong amaponya zibakera ngati munthu wodziwa nkhonya, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuzungulira, n'kudumphira pamsana, n'kugwira mwendo kuti amugwetse. Apa mpamene mumaona kuti woyendetsa chidolecho analowapo m'bwalo la nkhonya. Pomaliza amagwira nsagwada ziwiri za dainosoyo n'kuzikanula mpaka kuthyoka. Ndiye pamabwera kanthu kamene sindikatopa nako kuonera. Mdani ali gone, Kong amaweramira pansi, n'kugwira chibwano chothyokacho, n'kuchitsegula, n'kuchitseka, n'kuchitsegulanso, ngati mwana amene wawononga choseweretsa ndipo sakumvetsa kuti chalekeranji kuyenda. Akatsimikiza kuti chafadi, mpamene amaimirira n'kudziguguda pachifuwa.

Timachitidwe totere tili ponseponse m'filimuyi. Jack Driscoll, mmodzi wa amalinyero a m'nkhaniyi, akabisala m'kaphanga kunsi kwa phompho, Kong amapisa dzanja kumufunafuna, Driscoll n'kumubaya chala ndi mpeni. Kong amabweza dzanja msanga, n'kuyang'ana chalacho modabwa kuti kanthu kakang'ono chonchi kangamupweteke bwanji. Pa nthawi imeneyo simukuonanso chilombo chongoopseza, mukuona chinthu choganiza. Ine ndimati apa mpamene pagona luso lonse. Wosewera weniweni wa Kong ndi mmisiri woima pambali pa tebulo, amene ankasewera mbali yake pang'onopang'ono, sekondi imodzi m'zidutswa 24.

Chochitika cha paphangachi chikutifikitsa ku vuto lina lalikulu: munthu weniweni ndi chidole cha masentimita 46 akhala bwanji m'chithunzi chimodzi? Njira zinalipo zingapo, ndipo ankazisakaniza. Yoyamba inali kujambuliratu chidole, kenako n'kuonetsa filimuyo ndi pulojekita kuseri kwa chinsalu chachikulu chodutsa kuwala, wosewera n'kuima kutsogolo kwake. Umu ndi mmene Fay Wray, amene anasewera ngati Ann Darrow, mkazi wotengedwa ndi Kong, anaonekera ali pamwamba pa mtengo ndewu ija ikuchitika kumbuyo kwake. Mtengowo unali mu situdiyo, ndewu ili pachinsalu. Yachiwiri ndiyo imandidabwitsa kwambiri, chifukwa O'Brien anangotembenuza yoyambayo. Ankayamba kujambula munthu, monga Bruce Cabot, wosewera ngati Driscoll, akubaya m'mwamba ndi mpeni. Kenako m'kankhalango ka patebulo ankasiya kabowo kooneka ngati phanga, n'kuikamo kachinsalu kakang'ono, kuseri kwake kuli kapulojekita. Akasuntha dzanja la Kong kamodzi, ankapititsanso chithunzi cha munthuyo patsogolo kamodzi, n'kujambula zonse pamodzi. Munthu wamoyo anasanduka wokhala m'dziko la zidole, akuyenda chithunzi chimodzichimodzi ngati izo. Panalinso njira zophimba mbali ina ya filimu kuti isalandire kuwala, n'kudzajambulapo china pambuyo pake, komanso makina olumikiza mafilimu awiri kukhala imodzi, amene Linwood Dunn anali katswiri wake.

Nkhalango ya pachilumbayo nayo njoyenera kuiyang'anitsitsa. Imaoneka yakuya, yachinyezi, ya nkhungu, ngati ungalowemo osatulukanso. Zoona zake inali m'magawomagawo, kamera ikusuzumira kudutsa onsewo. Kutsogolo kwenikweni kunali galasi lopentedwa nthambi ndi ziyangoyango zakuda, pakati pake atasiya poonekera. Kuseri kwake tebulo la timitengo ndi chidole, kenako mwina galasi lina, ndipo kumapeto chithunzi chopentedwa cha mapiri ndi kuwala. Apenti ake anali Mario Larrinaga ndi Byron Crabbe, amene anatsatira kajambulidwe ka Gustave Doré wa ku France, komwe kutsogolo kumakhala mdima, kutali kukuwala. Diso likaona mdima pafupi ndi kuwala patali limakhulupirira kuti pali mtunda.

Sikuti zonse zinali zazing'ono. Anapanganso dzanja lalikulu lokwanira kufumbata Fay Wray, phazi lalikulu lopondera anthu, ndi mutu waukulu wa matabwa, waya ndi nsalu, wokutidwa ndi zikopa za zimbalangondo, momwe munkalowa anthu kumakoka zitsulo kuti maso ndi milomo ziyende. Kunena mosabisa, mutu waukuluwu ndiwo wofooka pa zonse. Umangoti tong'o, mano ali pamtunda, ngati ukumwetulira. Kachidole kaja kali ndi mtima kuposa chimutu chimenechi.

Mawu nawo anachita kupangidwa. Mafilimu olankhula anali asanathe zaka zambiri, ndipo panalibe poti n'kukatengako kulira kwa chilombo chosakhalako. Murray Spivack anajambula kubangula kwa mkango ndi kwa kambuku wa ku Asia kumalo osungira nyama, n'kukuseweretsa chobwerera m'mbuyo komanso mochedwetsa, kuti pamveke liwu limene khutu silinalimvepo. Nyimbo analemba ndi Max Steiner, ndipo anazilumikiza ndi zochitika mwakuti mfumu ya pachilumba ikamatsika masitepe, phazi lililonse limagwera pa kugunda kwa nyimbo. Mukatsitsa voliyumu n'kuonera Kong ali duu, theka la kulemera kwake limachoka.

Filimuyi inayamba kuonetsedwa ku New York pa 2 Malichi 1933, chuma cha America chili pansi, koma anthu anakhamukirako. Pomwe inkabwerezedwa mu 1938, oyang'anira makhalidwe a m'mafilimu anadulamo zigawo zomwe Kong akutafuna ndi kuponda anthu, ndiponso pomwe akusenda zovala za Ann. Zigawozi zinabwezeretsedwa patapita zaka zoposa 30. Chigawo china, cha amalinyero ogwera m'chigwa n'kudyedwa ndi zikangaude zikuluzikulu, anachichotsa filimu isanatuluke ndipo chinasoweratu. Chipata chachikulu cha pachilumba chija chinali chotsala cha filimu ya Cecil B. DeMille ya mu 1927, The King of Kings, ndipo chinathera m'moto pojambula kupsa kwa mzinda wa Atlanta mu filimu ya Gone with the Wind.

Pali china chimene sindingachilambalale, chifukwa munthu wakuda sangaonere filimuyi osachimva. Anthu a pachilumba anawaonetsa moipa. Chilumbacho akuti chili kumadzulo kwa Sumatra, koma okhalamo ndi anthu akuda ovekedwa zibiya ndi nthenga, amantha, opereka ana awo aakazi nsembe kwa chinyani, ndipo mfumu yawo imalolera kupereka akazi asanu ndi mmodzi posinthana ndi mzungu mmodzi. Amene anasewera ngati mfumuyo, Noble Johnson, anali katswiri amene mu 1916 anakhazikitsa nawo Lincoln Motion Picture Company, kampani yopanga mafilimu oonetsa anthu akuda a ku America mwaulemu. Kumuona munthu wotere atapatsidwa mbali yotere kumawawa. Nayonso nkhani ya Kong, wogwidwa kwawo, n'kuwolotsedwa nyanja, n'kukaimikidwa pansanja ali m'maunyolo kuti olipira ndalama amuonerere, imakumbutsa mbiri imene tonse tikuidziwa. Ngakhale gorila weniweni anamunamizira. Kwathu kuno kulibe, n'chifukwa chake timangoti chinyani, koma a kumapiri a Rwanda, Uganda ndi Congo ndi nyama zofatsa, zodya masamba ndi mphukira, zokhala m'mabanja. Ndimayamikira manja a O'Brien ndi Delgado uku ndikuona bwinobwino zoipazi, ndipo mwana uja ndinamuuza zonse ziwiri.

Zimene zinatsatira tingazidutse mwachangu, kupatulapo chimodzi. Son of Kong inatuluka mu Disembala chaka chomwecho, yopangidwa mothamanga, ndipo zimaonekeratu. Yofunika kuimirapo ndi Mighty Joe Young ya mu 1949, ya gorila woleredwa ndi mtsikana ku Africa n'kutengedwa kupita ku Hollywood. Cooper, Schoedsack ndi O'Brien anakumananso, koma gawo lalikulu loyendetsa chidole analigwira ndi Ray Harryhausen, amene anaonera King Kong ali ndi zaka 13 n'kutsimikiza kuti ntchito yake idzakhala imeneyi. Pa Joe anali atapeza njira yomatira ubweya pa mphira kuti usamasokonezeke ukagwiridwa, choncho kunjenjemera kuja kulibe. Joe amayenda mosalala, amakwiya, amanyada, amachita manyazi, ndipo chigawo chomwe akupulumutsa ana m'nyumba ya ana amasiye imene ikupsa n'chogwira mtima mpaka lero. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar pa zaluso zimenezi, mphoto imene kunalibe nthawi ya Kong. Pa umisiri Joe amaposa Kong. Komabe ine ndikamuonera ndimasowa zala zija.

Ku Japan, kampani ya Toho inatenga njira ina mu 1962 pa King Kong vs. Godzilla: munthu wovala chovala cha chinyani akuponda timanyumba, motsogozedwa ndi Eiji Tsuburaya, amene nayenso analowa m'ntchitoyi atakopeka ndi Kong wa mu 1933. Njira imeneyi njachangu ndi yotsika mtengo, ndipo ili ndi kukoma kwakekwake, ngakhale chovala cha Kong m'filimuyo sichinatuluke bwino. Mu 1976, popanganso King Kong, Dino De Laurentiis analengeza za chiloboti cha mapazi 40 chopangidwa ndi Carlo Rambaldi, koma chinangooneka masekondi ochepa. Pafupifupi Kong yense wa m'filimuyo ndi Rick Baker ali m'chovala, nkhope yake ikukokedwa ndi zingwe. Mu 2005 Peter Jackson anapanga Kong wa pakompyuta, potsatira mayendedwe a Andy Serkis, amene anakafika ku Rwanda kukaphunzira makhalidwe a magorila. Ndi ntchito yabwino zedi, ndipo kumeneko nako kuli manja a anthu ambirimbiri, kungoti anapukutidwa mpaka osaoneka. Jackson yemweyo, chifukwa chokonda filimu yakale ija, anasonkhanitsa amisiri ake n'kupanganso chigawo chotayika cha zikangaude pogwiritsa ntchito zidole ndi njira zakale zomwezo.

Tibwerere pamwamba pa Empire State Building, nyumba yosanja ija ya ku New York imene inali itangotha kumangidwa mu 1931. Ndege zinayi zikubwera, zina zenizeni zojambulidwa mumlengalenga, zina tizidole topachikidwa pa timawaya. Oyendetsa ndi wowombera amene nkhope zawo zimaoneka pafupi m'ndege yomaliza ndi Cooper ndi Schoedsack eni ake. Kong wakhazika Ann pansi, akukupiza manja kufuna kugwira ndege, imodzi waigwetsa. Zipolopolo zikumulowa. Ndiye amaima, n'kugwira pachifuwa, n'kukweza dzanja, n'kuyang'ana magazi pa zala zake. Sakudziwa kuti n'chiyani chikumuchitikira. Amamunyamulanso Ann, n'kumuyang'ana kanthawi, n'kumubwezera pansi mosamala. Mapewa agwa, maso akulemera, dzanja limene wagwirira nsonga ya nyumba likumasuka chala chimodzichimodzi. Kuti mapewa agwe chonchi, munthu anawatsitsa ndi dzanja lake kambirimbiri, pang'onopang'ono, pansi pa magetsi otentha, ndipo ubweya wa pamenepo ukunjenjemerabe.

Filimu itatha ndinamuuza mwana uja za zala zija. Sanandikhulupirire. Anasendera pafupi ndi laputopu, mphuno pang'ono kukhudza galasi.

"Amalume, tabwezani pang'ono pomwe amayang'ana magazi paja. Muimike pomwepo ndione."